Masamba Amene Ndinkang'amba

Lolemba, 3 Juni

Magazini sinabwere. Ndapita ku depoti ya basi kawiri, m'mawa ndi masana. Mayi wa pawindo la akatundu uja wayamba kundiyankha ndisanafunse n'komwe: "Amayi atelala, envelopu yanu kulibe. Mwina mawa." Miyezi isanu ndi iwiri yonseyi sinaphonyepo. Likamakwana tsiku lachiwiri la mwezi imakhala ili m'manja mwanga.

Amatumiza ndi Kabatani, mwana wanga mmodzi yekhayo. Dzinali linam'kanirira kuyambira tsiku limene anameza batani ali ndi zaka ziwiri, ife n'kuchezera kudikira kuti lituluke. Pano zakwana zaka ziwiri chipitireni ku mzinda waukulu. Kalata ayi, foni ayi. Chaka chathachi m'pamene anayamba kutumiza magazini, m'envelopu ya khaki, dzina langa atalemba ndi zilembo zake zopendekeka zija. Ikafika ndimayamba ndaigwedeza chozondotsa kuti mwina mugwa kapepala. Simugwa kanthu.

Lachiwiri, 4 Juni

Kulibe.

Lachitatu, 5 Juni

Kulibenso. Sindinafunse, ndangodutsa pawindo, mayi uja n'kupukusa mutu.

Aphunzitsi ena, kasitomala wanga, anabwera kudzasankha sitayilo ya diresi ya mwana wawo. Ndawapatsa magazini a K. Akuti, "Koma magazini anuwa ndi opyapyala bwanji, akudwala?" Taseka. Ndawauza chilungamo, kuti ndimawaonda dala ndine. Ya mwezi watha ndinaiwerenga isanaonde: masamba 72, a malonda okhaokha 46. Mafuta odzola, mafoni, matiresi, mankhwala a mphemvu, galimoto zoti ine sindidzakwera mpaka kufa. Nkhani ikayamba patsamba 9 imakathera pa 60, pakati ponsepo anthu akungokusekerera ndi mano oyera kuti ugule. Munthu ukufuna kuona kolala ya diresi, uyambe wadutsa mumsika!

Ndiye ine ndili ndi kachitidwe kanga. Ndikangoona zilembo zikuluzikulu ndi mtengo, rula pamsana pa magazini, kwee! tsamba m'katoni pansi pa tebulo, chafufumimba. Sindiyang'ana n'komwe, dzanja linazolowera lokha. Pepala lake ndi labwino, lolimba, silinyenyeka. Ndimadulira mapatani a makolala, manja, matumba. Ena ndimakulungira zovala za makasitomala, ena amatenga abambo osoka nsapato a khomo loyandikanali.

Aphunzitsi akuti malondawo ndi amene amadyetsa magazini, popanda iwo bwenzi kulibe chowerenga. Ine ndati adye okha.

Atapita ndaika phazi pa makina koma osapalasa. Mwana uyu amatumiziranji magazini? Kundinena kuti masitayilo anga ndi akale? Kapena kungondiuza kuti ndikadali moyo, musalire? Nanga pano wasiyiranji?

Lachinayi, 6 Juni

Ndavundukula makina ake lero kuti ndithire mafuta. Ulusi wobiriwira ukadali momwemo. Zaka ziwiri sindinauchotse, ndipo wina akadzaukhudza tidzakangana.

Ndilembe basi, pepala silindiseka. Tsiku limene ankachoka ndinali ndikum'sokera pa makina akewo diresi yobiriwira, yamanja aafupi, mabatani asanu ndi limodzi kutsogolo. Inangotsala mpendero. Iye n'kundiuza kuti wapeza malo kumzinda, sakufuna kukalambira pa makina ngati ine. Ngati ine! Mawu amenewo anandilowa m'mafupa. Ndinati, "Ukatuluka pakhomo pano ndi chikwama chimenecho, usadzanditchulenso amayi." Anachotsa diresi pa makina, mapini ali momwemo, n'kuiponya m'chikwama. Sanamenyetse chitseko n'komwe. Anatseka bwinobwino, ndipo chimenecho n'chimene chimandipweteka kwambiri.

Nambala yake mng'ono wanga ali nayo, amalankhulana. Wandilembera papepala katatu konse. Ine ndimati wamng'ono ndi iye, ayambe ndi iye. Pakamwa panga ndi polimba, koma mtima ayi. Ndam'sowa mwana wanga. Ndasowa phokoso lake, kuimba kwake kosalongosoka, ngakhale kusowetsa sizasi kwake kuja.

Lachisanu, 7 Juni

Ndilembe zimene zachitika lero.

Mng'ono wanga watulukira masana, wakhala pa benchi ya makasitomala osavula n'komwe chikwama paphewa. Ndinaona kuti wabwera ndi nkhani.

"Achemwali, inu mtima wanu ndi wamwala eti?"

Ndati ndatani.

"Mwana wakhala akukutumizirani nkhope yake miyezi isanu ndi iwiri, inu ziii. Dzulo amalira pafoni. Akuti, amayi aang'ono, ndasiya, amayi anandiona koma sakundifuna."

Ndati nkhope yanji, m'magazinimo mulibe K., ndimawerenga nkhani iliyonse mpaka mayina a ojambula.

"Nkhani zanji? Tsamba lonse lathunthu! Malonda a sopo wochapira. Wavala diresi yobiriwira, akuyanika nsalu pachingwe."

Mng'ono wanga wayang'ana ine, wayang'ana magazini oonda ali patebulo, kenako katoni pansi. Wagwira pakamwa.

"Achemwali. Musandiuze."

Sindinamuuze, anaona yekha.

Akuti K. anam'lumbiritsa kuti asandiuze, ankafuna ndim'peze ndekha. Akuti anthu a sopowo anam'konzera zovala zawo, iye anakana, anati ajambulidwa ndi diresi ya amayi ake kapena asajambulidwe. Amayi ake. Ananditchula choncho pamaso pa anthu achilendo, ine kuno ndikum'ng'amba ndi rula.

Tinakhuthula katoni pansi tonse awiri. Matiresi, mafoni, mphemvu. Sopo mulibe. Ndiye ndakumbukira kuti tsamba la pakati limakhala lokhuthala kuposa ena, ndipo lokhuthala ndi limene ndimayamba kudula.

Mng'ono wanga akuti ndiimbe pompano. Ndati ayi. Ndikamuuza chiyani, kuti ndakuona? Sindinamuone. Bodza limenelo sindinganene kwa mwana amene wadikira chonchi. Ndimuone kaye.

Loweruka, 8 Juni

M'mawa ndinathamangira kwa ogulitsa nyuzi pa mphambano. Magazini imeneyo safika nayo kuno, akuti ilibe ogula. Ndabwerera.

Sindinasoke kanthu lero. Ndatsitsa mapatani onse pa misomali, mulu wonse wa chaka chino, n'kuyamba kuwatembenuza limodzilimodzi. Ine ndimalemba miyeso kumbuyo, mbali imene ili ndi malo oyera, ndiye mbali inayo sindinaionepo.

Patani ya kolala ya kasitomala wina, amayi a kuchipatala: diso ndi khutu. Diso la K.! Ndalidziwa msanga, lili ndi kukwiya pang'ono ngakhale akuseka, ngati la malemu bambo ake. Ndakhala pansi pasimenti.

Patani ya thumba: dzanja litagwira chopanira zovala. Patani ya mkono wa malaya: phewa ndi mabatani atatu, mabatani anga, ndinawasoka ndi ulusi wowirikiza. Chithunzi n'chimodzimodzi miyezi yonse, ndiye zidutswa zikubwerezana. Pofika masana ndinali ndi maso anayi akumanzere, manja atatu, chingwe choyanikira chambirimbiri, ndi sopo yense wathunthu amene sindikum'funa.

Ndaseka ndekha misozi ili m'maso. K. kuyanika nsalu! Mwana amene kampango kake komwe ankadikira ndim'chapire.

Abambo osoka nsapato anasuzumira, akuti amayi mwataya ndalama? Nditawafotokozera sanaseke, ngakhale kuti ndi munthu woseka chilichonse. Analowa kwawo, ndikumva akugudubuza zinthu. Abwera ndi pepala lamakwinya lonunkha guluu, anapukutira burashi. Pakamwa ndi chibwano. Akuti, "Pepani, mwana wanu ndam'paka guluu kumasaya." Ndawauza kuti asadandaule, amayi ake anam'dula khutu.

Lamulungu, 9 Juni

Ndayala zidutswa patebulo lodulira, n'kuzigwirizanitsa ndi mapini. Mutu ulipo, wonenepako pang'ono, tsitsi wameta lalifupi ndipo lam'khala. Chifuwa chilipo, mikono ilipo. Kuyambira m'mawondo kutsika kulibe.

Ndangokhala n'kumamuyang'ana. Ndolo zimene wavalazo sindikuzidziwa. Pali zambiri za mwana uyu zimene sindikuzidziwa tsopano: amagona potani, amadya ndi ndani, akadwala amam'funditsa ndani.

Ndipo ndikufuna ndione mpendero. Ndikudziwa kuti ndi zopusa. Koma diresi ija inachoka muno ili ndi mapini, ndipo ndikufuna ndidziwe amene anaimaliza.

Lolemba, 10 Juni

Ndatumiza uthenga kwa makasitomala onse amene ndikuwakumbukira, kuti amene ali ndi pepala lokulungira zovala andibwezere. Ena akuganiza kuti mutu wanga wayamba kuzungulira. Mmodzi wati anayatsira mbaula. Wina akuti ana anapangira ndege.

Ndadutsanso ku depoti, chizolowezi. Mayi wa pawindo wangoti, "Amayi, mwina anasiya kusindikiza." Ndati ayi, akusindikiza, amene anasiya ndi wotumiza.

Mng'ono wanga waimba kawiri. Akuti mukudikira chiyani, mukufuna mwana aume mtima ngati inu? Akunena zoona. Ndikuopa, basi. Ndikuopa kuti ndikaimba adzati ndani, kapena adzanditchula dzina langa lenileni, poti ndine ndinam'letsa kunena amayi.

Lachiwiri, 11 Juni

Aphunzitsi abwera pa nthawi yopuma, thukuta lili kamukamu, atanyamula kaundula wa kalasi. Akuti, "Amayi, si uyu?" Anakutira kaundulayo ndi pepala limene ndinawakulungira siketi mu Epulo. Tsamba lonse, losadulidwa, langopindika m'makona. K. wakhala akuyenda m'manja mwa aphunzitsi miyezi iwiri, mbali ya mkati, nkhope itayang'ana mayina a ana a eni.

Tinamatula selotepi pang'onopang'ono. Aphunzitsi anaona nkhope yanga, n'kunena kuti belu lalira, ngakhale kuti sukulu ili kutali moti belu silimveka kuno.

Ndam'yala patebulo. Mwana wanga yense, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, dzuwa likumuwomba kumbali. Diresi yanga yam'khala ngati ndam'yeza dzulo. Ndavala magalasi, ndatsitsa maso.

Mpendero ndi wa pamanja, masokedwe ang'onoang'ono obisika, mmene ndinam'phunzitsira ali ndi zaka khumi akulira kuti singano ikum'baya. Wasoka yekha. Koma wakhota. Kumanzere watsika ndi chala chimodzi, aliyense wa ntchito yathu angaone ali patali.

Ndatenga foni ndisanayambe kuganiza, chifukwa ndikaganiza ndimadziwa mmene zimathera. Yaitana kanayi.

"Halo?"

Mawu onse amene ndinakonza masiku anayiwa anathawa. Pepani, mwanangu, ndakusowa, onse. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Mpendero uja unasoka wekha?"

Ndikumva galimoto kumbuyo kwake, wina akuitanira malonda.

"Mwaona liti?"

"Lero."

"Lero? Miyezi isanu ndi iwiri?"

Ndamuuza zonse, za rula, za katoni, za khutu lake limene lakhala kolala ya amayi a kuchipatala, za guluu kumasaya. Ndimayembekezera kuti adula foni. Ndiye ndamva kaphokoso, sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka, kenako ndazindikira kuti ndi zonse ziwiri, ngati ine.

"Ndiye simunandikane? Munangonding'amba?"

"Ndinangokung'amba, mwanangu. Ndikhululukire, pa zonse, ndi za tsiku lija."

Anapuma kwambiri. Ine poopa zimene angayankhe ndinabwerera kumene ndimadziwa. Ndati, "Koma mpenderowo wakhota kumanzere."

"Ndikudziwa, amayi," anatero. "Ndinaukhotetsa dala. Ndimadziwa kuti mukauona simungapirire, muimba."

Amayi. Ndinagwira tebulo.

Wafunsa ngati basi ya Loweruka imafikabe masana. Ndati imafika. Akuti abwera nayo diresi, ndikonzeretu ulusi wobiriwira. Ndamuuza kuti uli kale pa makina.