Mashopu Asanu ndi Awiri a ku Chibavi

Lolemba, 10 Malichi

Zaka 19 ndakhala ndikugawa njira za magalimoto a buledi pa bekale ino, ndi pensulo. Lero a Percy, amanijala, akuti kompyuta ndiyo izigawa. Abweretsa mtsikana wa ku yunivesite, Winifred. Ine wa Sitandade 8 ndizingosayina pepala n'kupereka makiyi. Mutu ukundiwawa kuyambira m'mawa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Winifred ndi waulemu. Ndamufunsa mmene chinthu chakecho chimaganizira. Akuti malamulo a njira ndi ochuluka zedi, munthu sangawalembe onse, ndiye kompyuta imayamba ndi ochepa. Ikapeza njira imaionetsa kaye kwa kapulogalamu kena, kangati mlonda wa pageti. Mlonda akaona cholakwa amaibweza, n'kuipatsa lamulo limodzi lomwe yaswalo, iyo n'kupitiriza kufufuza. Akuti amati lazy constraint, lamulo laulesi.

Ndati, "Ulesi uli pati? Imeneyo ndiye ntchito yanga." Waseka chomene.

Lachitatu, 12 Malichi

Mphindi 50 magalimoto ali chiimire, mlonda akungobweza. A Percy: "Chotsa chimlonda chakocho, buledi akuzizira." Winifred wati popanda mlonda yankho silidalirika. Iwo ati n'kuyesa chabe. Wachotsa. Mphindi ziwiri pepala latuluka: magalimoto atatu akwanira, osati anayi.

Poti n'kuyesa, lero tayendabe njira zanga.

Lachinayi, 13 Malichi

Kuyesa kuja kwafika kwa mwini bekale. Akuti galimoto yachinayi adzaigulitsa. Dalaivala wake, Shadrick, ntchito ithe Lolemba. Iye sakudziwa. Madzulo wandipatsa moni, "Mwatandala uli, amama," ine ndayankha maso ali pansi. Ana ake atatu ali pasukulu.

Pepala ndi mapu ndapita nazo kunyumba.

Lachisanu, 14 Malichi

Mashopu 64. Ndalondola ndi pensulo katatu kuopa kuti maso anga ndiwo akunama. A ku Katawa ali bwino. A ku Nkhorongo ali bwino. Koma mashopu 7 a ku Chibavi alumikizidwa okhaokha, yoyamba mpaka yomaliza, n'kubwereranso pa yoyamba. Mzere wochokera ku bekale palibe. Awalemba pansi pa galimoto yachiwiri, koma pepala silikunena kuti ifikako bwanji.

Ndamuonetsa Winifred. Wagwira pakamwa. "N'zimene mlonda amakana zija, amama." Ndati pita ukawauze. Akuti akadali pa miyezi yoyesedwa ntchito, akuopa.

Chabwino. Nanenso ndikuopa.

Lamulungu, 16 Malichi

Ulaliki sindinamvepo kanthu.

Lolemba, 17 Malichi

6:30, pabwalo, madalaivala onse alipo. A Percy ati ndisayine pepala la magalimoto atatu lija. Ndakana.

"A Mabel, Sitandade 8 yomweyo mukufuna muphunzitse kompyuta masamu?"

Ndayala mapu pa boneti, ndawaika m'manja makiyi a galimoto yachiwiri.

"Masamu sindidziwa, bwana. Yendetsani nokha. Pepala lanu likuti muyambire ku Chibavi, mukathere ku Chibavi. Buledi mukamupeza komweko."

Sekani, dalaivala wa galimoto yoyamba, waphulika kuseka, kenaka wayamba kutsokomola mwadala. A Percy ayendetsa chala pa mzere uja, kamodzi, kawiri. Sanandiyang'ane. Ati ndikawapeze ku ofesi 2 koloko, mwini bekale akakhalapo. Atafika pakhomo atembenuka: "Winifred, bwezera mlonda uja."

Shadrick watuluka ndi galimoto yake 7:20. Pageti waliza hutala n'kukuwa mothokoza, "Yewo amama!" Sindikudziwa amene wamuuza.

Pano ndi 1:50. Kompyuta yamaliza mlonda atabweza ka 212. Winifred amafuna andinong'oneze yankho, kaya ndi magalimoto atatu kaya anayi, ndati ayi, ukaliwerenge wekha m'katimo, mokweza. Wavala jekete yake. Tikupita tonse.