Tata Poloy Atisiya Mpunga Uli pa Bwalo

Kwa Nana Conching Ragasa, akazi a malemu, ana ndi zidzukulu, ndiponso kwa anthu onse a mzinda wathu wa Santa Rufina,

Ife a Bungwe la Ana a Asilikali Akale talandira ndi mitima yosweka uthenga wakuti Tata Apolonio Ragasa, amene tonse timangowatchula kuti Tata Poloy, atisiya. Ndipo ngakhale anali atakalamba ndithu, ine ndikulembane sindinakhulupirirebe, pakuti m'maso mwanga akadali pa benchi yawo pansi pa mtengo wa mango, akuingitsa nkhuku ndi ndodo.

Malemuwa anali omaliza mwa anyamata amene anakwera kumapiri kukamenyera dziko lino pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Atabwerako anaphunzitsa ambiri a ife kupulayimale, anayambitsa bungwe lino, ndipo anayenda wapansi khomo ndi khomo kufunsa amayi ofedwa mayina a ana awo, kufikira chipilala chathu chinaima ndi dzina la aliyense amene sanabwerere. Bwalo la simenti lozungulira chipilalacho analimanga ndi manja awo pamodzi ndi anzawo, amene onse anatsogola kale.

Bwalo limenelo ndilo linawadanitsa ndi akuluakulu. Popeza kuno kulibe malo ena osalala chotero, alimi anayamba kuyanikapo mpunga, ndipo ife amene tinakulira pano timakumbukabe fungo lake ndi mmene tinkautembenuzira ndi mapazi mpaka miyendo kuyabwa. Khonsolo inati kumeneko n'kunyoza akufa, nikonza zomanga mpanda wachitsulo. Sindidzaiwala tsiku limene khansala wina anafika ndi chingwe choyezera.

"Tata, taonani nokha," anatero khansalayo. "Mankhusu mpaka m'zilembo. Alendo aziti chiyani?"

"Iwe mwana wa Isko, alendo akowo anagonapo ndi njala?" anayankha Tata. "Anyamata ali pakhomawa anafa akulota mpunga. Benito uyu ankachita kutafuna lamba. Lero mpungawo wabwera wokha pamapazi pawo, iwe ukuti uchoke? Pinda kachingwe kakoko ukamangire mbuzi."

Chingwe chinapindidwa, koma nkhani ya mpanda sinafe; inkangodikira, ndipo tonse tikudziwa chimene inkadikira.

Imfa yawapeza m'nyengo yokolola, bwalo litadzaza tho. Popeza Loweruka bokosi lawo lidzaima pa chipilala lisanalowe m'tchalitchi, khonsolo yapempha kuti alimi aanule mpunga wonse, ati pofuna kulemekeza malemu. Ndinaopa kuti ukachoka tsiku limenelo suloledwanso kubwerera, choncho ndinakawafunsa Nana Conching.

"Aanule?" anatero. "Leonora mwana wanga, Tata ako aja wayamba kuwadziwa lero? Adzuka m'bokosimo, ndodo ili m'manja. Angolambula kanjira kokwana onyamula, wina wonsewo ausiye."

Mawu amenewa bungwe lawatenga kukhala ake, ndipo likunena poyera, monga malemuwa ankadana ndi kuzungulira, kuti silidzavomera mpanda pamalo amenewa.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu Nana, amene mwataya mnzanu wa paunyamata, ndi kwa inu ana ndi zidzukulu, amene munatibwereka bambo wanu osanyinyirika. Mulungu akulimbitseni mtima m'masiku asanu ndi anayi a mapemphero a novena ndi m'masiku achete amene adzatsatire. Tiwasowa kwambiri.

Kwa inu alimi, pempho lathu ndi limodzi: Loweruka m'mawa yanikani monga mwa masiku onse. Onyamula bokosi adzavula nsapato, ndipo Tata akadutsa, mudzaubwezere mpungawo m'kanjiramo.

Leonora Cabanting
Wapampando, Bungwe la Ana a Asilikali Akale, Santa Rufina