Bwezani dzina la achimwene

Lolemba, 3 Malichi

Iwe watsegula kabuku kano, chilolezo wakupatsa ndani? Tseka. Kapena werenga, uone zomwe anthu ngati iwe mumachita mukapeza chitseko chosakhoma.

Lero ndayamba kukonza zolowera pa webusaiti ya kanyuzipepala kathu. Zonyansa. Aliyense mu ofesi ndi adimini, ndiye kuti aliyense ali ndi makiyi a nyumba yonse. Mapasiwedi ake mayina a ana awo. Ndagawa patatu. Mlembi alembe basi. Mkonzi akonze ndi kutulutsa nkhani. Adimini, wotha kuika ndi kuchotsa anthu, ine ndi abwana. Kwatha.

Akaunti ya malemu achimwene ndaikhoma, koma sindinaifufute. Nkhani zonse zomwe analemba pano zili pa dzina limenelo. Ndi iwo anandibweretsa mu ofesi muno, ndisakudziwa n'komwe kuyatsa kompyuta. Zinazo ndinadziphunzitsa ndekha.

Lachitatu, 5 Malichi

Phokoso. A Suti, amalume awo a abwana, osaka otsatsa malonda aja, aona kuti ndawaika pa mlembi. "Ine pansi pa kamtsikana aka? Ndayamba ntchito kasanamere mano!"

Ndawauza mosazungulira kuti udindo wa adimini si mpando wakutsogolo pa ukwati, ndi mpeni. Abwana andiitanira pakhonde, mawu otsitsa. "Achemwali, ingowapatsani. Ndi akuluakulu. Sakhudza kanthu."

Ndawapatsa. Dzanja likudina, mtima ukukana.

Lachisanu, 7 Malichi

A Suti aiwala kale pasiwedi. Nambala yotsimikizira ikabwera pafoni akumaiwerenga mokweza ngati akulengeza maliro. Netiweki yokwawa tsiku lonse. Nsapato yanga yakumanzere yayasamula.

Mlamu wanga, mkazi wa malemu achimwene, anaimba masana. Akuti mwana wayamba kuwerenga nkhani za bambo ake pafoni, imodzi imodzi akaweruka kusukulu. Ndinapita kukasamba m'maso.

Lachiwiri, 11 Malichi

Mlamu waimbanso m'mawa. "Dzina la bambo a mwanayu lapita kuti?"

Kutsegula. Nkhani ya madzi osefukira ija, ya amayi ogulitsa pa depoti, ya chipatala chopanda magetsi imene anawaopsezera. Zonse pamwamba pake dzina la a Suti.

A Suti afufuta akaunti ya achimwene. Ukamachotsa munthu makina amafunsa kuti zolemba zakezi zipite kwa ndani. Amafunsa, sachita okha. Iwo anasankha dzina lawo.

"Ndimangoyeretsa. Kodi akufa amalowa pa kompyuta?" Akusekerera, kapu ya tiyi m'manja.

Ndawatchula wakuba. Pamaso pa onse, mokweza. Ndawonjezanso zina zomwe sindilemba muno. Munthu amene sanalembepo ngakhale chiganizo chimodzi chowongoka!

Lachinayi, 13 Malichi

Kulowa m'mawa, mabatani onse azimiririka. Ine tsopano ndine mlembi. Pa webusaiti yomwe ndamanga ndi manja angawa. A Suti anditsitsa ndi makiyi omwe ndinawapatsa ndekha.

Kope ya zonse monga zinalili asanawononge ilipo, ndinaisunga Lolemba lija. Kubweza dzina si ntchito, tiyi asanazizire ndatha. Koma khomo landitsekera kunja.

Abwana, maso ali pa desiki: "Mukawapepese kaye. Zinazo tiona."

Mkonzi wathu, amene achimwene anamuphunzitsa ntchito, akungopukuta magalasi.

Loweruka, 15 Malichi

Kwa mlamu. Mwana anali phee pa mpando wa bambo ake, foni pamiyendo. Anaonetsa anzake nkhani zija kusukulu, amuseka kuti ndi wabodza. Ponyamuka wandigwira mkono.

"Azakhali, ndiye kuti adadi ankangokopera za anthu ena?"



Kupepesa ndipepesa. Ndigwada ngati akufuna, alamulire webusaiti yonse mpaka itawagwera pamutu. Koma kabuku kano Lolemba ndikasiya pa desiki panu, abwana, kotsegula. Chilolezo ndakupatsani, werengani kuyambira tsamba loyamba. Achimwene ankakutchulani mnzawo. Munanyamula nawo bokosi, ndinakuonani mukulira.

Udindo wanga sungani. Dzina la achimwene bwezani pa nkhani zawo, iliyonse, mwana uja asanaweruke.