Chikwama Chotsala Pampando

14 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Kalata yanu ndinalandira, ndipo tizipewa munalukira mwana tija tinafika, kungoti kamodzi kakumuthina kale. Chimutu watengera malemu bambo athu, musaseke. Pano timangomutchula kuti Abwana, poti akangoti ng'aa kamodzi, nyumba yonse imaimirira.

Munafunsa mmene mwana anayendera pa ulendo wathu wokagona m'tenti. Ndikanatha kungoti tinayenda bwino, zithunzi zondiikira kumbuyo zilipo, koma inu munandilera, bodza langa mumalimva fungo lisanatuluke pakamwa. Achemwali, ndikuopa kuti mlamu wanu andichokera.

Chibadwire mwanayu, miyezi isanu tsopano, mlamu wanuyo sanasekepo. Munthu uja ankaseka mpaka kugwira khoma! Kuyamwitsa amayamwitsa, kuchapa amachapa, koma maso ake amakhala ali kwina. Ndinamudandaulira mnzanga wa kuntchito, iye akuti, "Aise, mkazi wangotopa ndi makoma ameneyo, mutulutse akapitidwe mphepo." Anandibwereka tenti ndi kagalimoto kake, n'kundilozera malo ena kuphiri komwe mabanja amakagona kumapeto kwa sabata. Mlamu wanu nditamuuza anangoti, "Mmene mwaoneramo."

Ntchito yanga yopakira katundu m'malole mukuidziwa. M'nyumba yathu yosungiramo katundu, pansi pali mzere wachikasu. Chili mkati mwa mzere umakweza, chili kunja si chako, usachikhudze ngakhale chikuitane. Zaka zonsezi bokosi silinasokerepo m'manja mwanga, ndipo ndimadzitama nazo. Ndiye m'mawa wa ulendo ndinayala bulangete pabalaza n'kulengeza ngati kapitawo kuti chilichonse chopita chikhale pabulangetepo. Matewera, kabafa, neti, mankhwala a chimfine, zovala za Abwana zokwanira ana atatu, zonse mulu. Ndinapakira mwaluso ndithu, zolemera pansi, zofunika msanga pafupi ndi chitseko.

Chikwama cha mlamu wanu chinali pampando. Anabwera nacho kuti achiike pabulangete, mwana analira, iye anachisiya pomwepo n'kuthamangira kuchipinda. Ine ndinachiona ndi maso angawa. Mutu wanga unangoti chili kunja kwa mzere, manja n'kuchidumpha. Ndinapinda bulangete, ndinakhoma chitseko, ulendo.

Malowo ngokongola, sindinganame. Mitengo italiitali, kamtsinje, mpopi ndi zimbudzi chapatali, matenti a anthu ena apa ndi apo. Abwana anangoti maso tong'o kuyang'ana masamba, timiyendo tikupalasa. Koma ndili mkati mokhoma zikhomo za tenti, kumwamba kunangoti bii, mvula n'kuyamba. Mlamu wanu anawerama pa mwana n'kumuphimba ndi thupi lake mpaka ine nditamaliza. Mwanayo sanadonthedwe n'komwe. Mayi wake ananyowa mpaka mkati, ndipo titangolowa m'tenti, Abwana anamubwezera mkaka wonse pachifuwa. Paja mvula ikaona litsiro siikata.

Ine n'kuti, "Sinthani msanga, mungadwale." Ndinapita kugalimoto, ndinatsitsa zonse, ndinasanthula mpaka pansi pa mipando. Ndili chigwadire m'matopemo ndinakumbukira mpando wa pabalaza uja. Ndinabwerera manja ali lende.

Ndinamupeza atamusintha kale mwana, iye atakhala pakona, akunjenjemera, kathaulo ka mwana kali pamapewa.

"Chikwama chanu chatsala," ndinatero.

"Ndikudziwa," anayankha.

"Mukudziwa? Nanga osanena bwanji tisananyamuke?"

"Ndinakuonani mukuchiyang'ana. Ndimafuna ndione ngati muchinyamule."

Apa ndinapsa mtima, Achemwali, mukundidziwa ndikachita manyazi ndimakalipa. Ndinati ine si mneneri, ndinati lamulo ndinanena poyera kuti pabulangete, ndinati ulendo wonsewu ndavutikira iye. Sanabweze mokweza. Anangoti, "Kabafa mwakumbukira. Kasupuni ka mankhwala mwakumbukira. Ine munandisiya kuchipatala tsiku lija, munangotengako mwana ndi womuyamwitsa."

Ndinamupatsa malaya anga ndi ovololo yomwe inali m'galimoto, anavala osandiyang'ana. Mvula sinakate mpaka kunada, moto sunayake, tinadya buledi wouma aliyense kumbali kwake.

Kutacha, dzuwa litatuluka, anayamwitsa mwana, anandipatsira, n'kunena kuti akukasamba kumaso kumpopi. Ndinadikira. Mabanja ena anaphika tiyi, anamwa, anatsuka makapu, iye osabwera. Mwana anayamba kulira, kulira kwa njala kuja kosamva nyimbo. Ndinamunyamula n'kupita kumpopi, kulibe. Kuzimbudzi, kulibe. Mayi wina wa tenti yoyandikana nafe anandiuza kuti waona munthu wovala ovololo akutsikira kumsewu. Ndinathamanga mwana ali pachifuwa mpaka pamene mitengo imathera. Ndinamuona chapatali, ataima poimira mabasi, m'ovololo yanga yomukulira, alibe kanthu m'manja. Basi inafika, inaima, inatsegula chitseko. Sindinathe ngakhale kumuitana. Basi itachoka, iye anali akadali pomwepo.

Anakwera chitunda pang'onopang'ono, anatenga mwana m'manja mwanga, anakhala pamwala n'kumuyamwitsa. Ine misozi ili chuchuchu, ndinati, "Zikomo mwabwerera." Iye akuti, "Musandithokoze. Mawere amandipweteka, adzadza." Anatero basi, ndipo sananene monyoza, ananena ngati munthu wokuuza kuti kunja kukuzizira. Tinapasula tenti tsiku lomwelo.

Chikwama chija tinachipeza pampando pomwepo, ndipo mpaka lero sanachimasule. Anangochisunthira kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Ndikamapita kuntchito ndimachisuzumira, ndikamabwera ndimayamba kuyang'ana icho ndisanavule nsapato. Dzana ndinakweza katundu m'lole yolakwika koyamba m'moyo wanga, kapitawo anachita kundifunsa ngati ndamwa.

Tinapita kusikelo ya mwana, ndipo ndinalimba mtima n'kuwafotokozera anamwino. Anati ndi matenda ndithu, amagwira amayi ena akabereka, ndipo amachizika, koma munthuyo asamakhale yekha tsiku lonse. Anamulembera tsiku lokaonana ndi adokotala. Iye sanavomere, sanakane. Mayi ake munthuyu kulibe, mukudziwa, ndipo ine ntchito sindingaisiye. Zandikulira, Achemwali.

Chonde bwerani, ngakhale sabata ziwiri zokha. Ndikudziwa muli ndi ana asukulu, apepeseni alamu m'malo mwanga. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi, musandimvere molakwa. Kalata yanu ija ndinamuwerengera yonse mokweza, masamba awiri, ndipo onse anali ofunsa za mwana. Nditamaliza anandifunsa kuti, "Yathera pomwepo?" Sindikukudzudzulani, ine ndi amene ndikuona nkhope yake tsiku ndi tsiku ndipo sindinamufunsepo. Ndiye mukadzafika, musadzathamangire Abwana ayi, ameneyo omunyamula ngambiri. Mudzayambe mwakhala pansi ndi mlamu wanu, mudzamufunse mmene wadzukira, ndipo akadzati ali bwino, mudzafunsenso.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse, muwauze kuti amalume sanawaiwale. Abwana akupereka moni ndi dovu lawo, mano awiri ayamba kuonekera. Pamzere uno ndimayenera kulemba kuti mlamu wanu akupereka moni. Ndamufunsa pompano, ali pawindo, kuti ndikulembera achemwali, ndiwauze chiyani? Wandiyang'ana, kenako wati, "Auzeni kuti mwana ali bwino."

Fulumirani, Achemwali.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza wa mayi