Tebulo la Awiri Limene Anasungitsa

Lolemba, 23 Juni

Foni ya bambo a ana yalira masana ano. Miyezi itatu chiwaikireni m'manda, ine ndikuitchajabe, ndikuyenda nayo m'chikwama ngati munthu wosokonekera mutu.

Mawu a mtsikana, aulemu kwambiri. Akuti akuimba kuchokera ku lesitilanti ya zakudya za Chifalansa, ija ya magalasi akuluakulu kuseri kwa mabanki. Amafuna kutsimikiza za tebulo la anthu awiri, Loweruka lino madzulo. Akuti bambo analisungitsa mu Febuluwale.

Ndinati mwalakwitsa nambala. Anatchula dzina lawo lonse, osaphonya.

Zoti anamwalira sindinanene. Ndinangoti, "Chabwino."

Bambo a ana ku lesitilanti! Munthu woti tiyi wa pa depoti ankati ndi umbava. Amene anzawo okonza magetsi ankawatcha a Chete. Zaka zonse za banja lathu sitinadyepo pamalo olipira, ngakhale kamodzi.

Ndabwerera pa windo langa la mankhwala. Mzere wa odwala mpaka panja. Mayi wina ndamuuza kamwedwe ka mapilitsi, ndiye ndayambiranso kumuuza. Wangondiyang'ana.

Lachiwiri, 24 Juni

Tulo tochepa. Tsikuli ndalitembenuza uku ndi uku. 28 Juni. Si la ukwati wathu, ife tinakwatirana mu Okutobala. Si langa lobadwa. Si la ana. Nanga ndi la yani?

Ndafunsa mlamu, mchemwali wawo wa malemu. Ndikanadziwa. Anayamba ndi kuseka. "Mwamuna ndi kabudula, mlamu, amathera moyenda. Kusalankhula kwa achimwene kuja musamayese kupusa." Kenako analowa nkhani ya denga lawo lodontha, ngati sananene kanthu.

Ndafufuza m'foni, chinthu chimene sindinachitepo iwo ali moyo. Mauthenga a makasitomala okhaokha. Soketi ikuthetheka. Mubwera liti. Babu laphulikanso. Nambala ina analemba kuti "Mayi a geti lobiriwira." Ndaiyang'ana mpaka tiyi kuzizira. Ndaimba.

Nkhalamba, mawu onjenjemera. Akuti akudikirabe amisiri adzawakonzere mbaula. Sanamve za maliro. Ndachita kuwauza ine. Analira pa foni, ine n'kumawatonthoza.

Manyazi bwanji.

Lachitatu, 25 Juni

Wachisamba ndamuimbira m'mawa. Mwana akulira pambali, iye akuthamangira ku ntchito. "Mayi, ingowauzani aletse. Mukangodzipweteka mtima pachabe." Ndinafuna kunena kuti tiye tipitire limodzi, koma ulendo wake ndi wa tsiku lathunthu pa basi.

Mzime sanayankhe. Uthenga chabe: ali bize, aimba. Sanaimbe.

Bola ndinapempha abwana, maliro atangotha, kuti andiwonjezere chaka pa ntchito. Pa windo paja munthu umalankhulako. Muno ndi ine ndi filiji.

Poweruka ndinadzera kuseri kwa mabanki. Ndinaima tsidya la msewu, pafupi ndi wogulitsa maambulera. Nsalu zoyera pa matebulo. Matambula opyapyala, owala. Anyamata a malaya oyera ndi maepuloni akuda aatali, kuyenda ngati sakuponda pansi. Pakhomo bolodi lakuda lolembedwa ndi choko, mawu oti sindingawatchule.

Bambo a ana m'menemo, ndi zikhatho zawo zija zong'aluka. Ndi ndani?

Bilu ya madzi yabwera. Ndaiika pansi pa shuga.

Lachinayi, 26 Juni

Ndaimba kuti ndiletse. Mtsikana yemwe uja. Ndisanamalize n'komwe: "Zonse bambo analipira kale, mayi, za anthu awiri, ndi zakumwa zomwe."

Analipira kale.

Mu Febuluwale momwemo ndinawapempha makatani atsopano a pabalaza. Anati zinthu sizili bwino, tidikire. Ndinadikira. Makatani ndi omwewa, dzuwa linawadya mpaka akuonekera.

Sindinaletse. Ndinati, "Tibwera."

Ndaphika, ndalephera kudya. Ndawakalipira mokweza m'khitchini, chikhalirecho mulibe munthu. Ali moyo sankayankha. Lero kusiyana kwake n'kochepa.

Lachisanu, 27 Juni

Ndipita. Ngati alipo amene anauzidwa za tsikuli, mwina nayenso sanamve za maliro. Abwere. Ndimuone nkhope. Sindikachita phokoso, ndakula. Ndikungofuna kudziwa kuti ndinkakhala ndi ndani zaka zonsezi.

Diresi la buluu lija la pa ukwati wa wachisamba. Lakula, kapena ndine ndachepa. Ndalibweza m'chiuno ndi singano. Nsapato zakuda, chidendene chimodzi chodyeka, koma pansi pa tebulo ndani akaone.

Mnzanga wa pa windo lachiwiri wafunsa chimene ndakonzera tsitsi. Ndati palibe. "Aaa, mayi, mwapeza kale?" Waseka yekha, kenako wapepesa. Si woipa mtima, pakamwa pokha.

Loweruka, 28 Juni

Ndachapa, ndakolopa, ndasita. Dzuwa silikuyenda.

Ndikungoyang'ana wotchi ngati ndikupita kukalemba mayeso.

Lamlungu, 29 Juni

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Ndinafika dzuwa lisanalowe. Chitseko cholemera. Mkati fungo la batala ndi adyo, nyimbo yapansipansi. Mtsikana wa pa foni uja ndi wamng'ono kuposa mzime wanga. Anafunsa ngati bambo akubwera m'mbuyo. Ndinati inde. Sindikudziwa chifukwa chake.

Tebulo la pakona, kutali ndi khomo, mpando wofewa wotsamira khoma. Mipeni iwiri, mafoloko awiri, matambula atatu. Kutsogolo kwanga chimodzimodzi, ndi mpando wopanda munthu. Anayatsa kakandulo.

Chitseko chikatseguka, ine maso pakhomo. Mayi wa chipewa chofiira, koma anali ndi mwamuna wake. Atsikana awiri oseka. Mayi wina wamsinkhu wanga, yekha, ataima pakhomo kumwazamwaza maso. Kenako anakweza dzanja kwa anzake a tebulo lina.

Palibe anabwera.

Anabweretsa buledi wa khungu lolimba m'kadengu. Ndinadya chifukwa chosowa chochita ndi manja. Nyenyeswa mbwee pa nsalu yoyera. Ndinazisonkhanitsa ndi chala, kuopa kuti andiona.

Kenako kunabwera mkulu wa operekera zakudya, bambo wa imvi, wowonda, magalasi pamphuno. Anandiyang'ana, nayang'ana mpando. Anafunsa ngati ndine mayi akunyumba kwa amisiri a magetsi. Ndinati ndine. Ndiye ndinanena, koyamba sabata yonseyi kwa anthu a pamalopo: anatisiya mu Malichi, mtima.

Anavula magalasi.

Akuti bambo a ana anagwira ntchito m'khitchini mwawo sabata yathunthu, mawaya a mauvuni atapsa. Tsiku lomaliza anatuluka ndi ovolosi yawo, chikwama cha zipangizo paphewa, n'kuima pakati pa matebulo. Anafunsa ngati munthu wamba amaloledwa kudya muno. Anayesa mipando itatu asanasankhe. Mawu awo, mkuluyo akuti sanawaiwale: "Mayi akunyumba akupuma pa ntchito kumapeto kwa Juni. Moyo wawo wonse aimirira pa windo kutumikira anthu. Tsiku limodzi akhale pansi, ena awatumikire. Koma musawaike pakhomo, msana wawo sugwirizana ndi mphepo."

Lachisanu lapitali. Ndilo linali tsiku langa lomaliza pa ntchito, ndisanapemphe chaka china. Ndinaliiwaliratu. Ndalemba apa za diresi ndi nsapato, osakumbuka.

Sindinalire. Ndinangogwira m'mphepete mwa tebulo.

Mkuluyo anafunsa ngati achotse mbale za mbali inayo. Ndinati zisiyeni. Menyu sindinaimve, ndinamuuza kuti andisankhire. Anati bambo anafunsa kale chilichonse, chimodzichimodzi, ndipo atamva za nkhono anati, "Zimenezo ayi, angandithawe." Apo ndinaseka. Kuseka koipa, kotulukira m'mphuno. A tebulo loyandikana anacheuka.

Supu wa anyezi, wakuda bii, pamwamba buledi ndi tchizi chosungunuka chonanda ngati ulimbo. Ndinapsa lilime. Anyezi wamba, yemweyu wa pa msika, kukoma chotere? Kenako mwendo wa bakha, khungu lokhukhuta, nyama yongoyoyoka yokha pa fupa, ndi timbatata tokazinga. Vinyo wofiira theka la tambula, woyamba m'moyo mwanga. Wowawira. Ndinamaliza. Pomaliza kambale ka zotsekemera zonga phala la mazira, pamwamba shuga wowotcha wolimba, umachita kuswa ndi supuni kuti khwa.

Ndinadya zonse. Ndekha, pakati pa anthu awiriawiri. Nthawi zina ndimakweza maso kuti ndinene kuti talawani ichi.

Gawo lawo anandiikira m'kabokosi. Mkulu uja anandiperekeza mpaka pa khomo, n'kundiitanira takisi. Anati magetsi a m'khitchini sanavutepo chikonzereni.

Lolemba, 30 Juni

Dzulo sindinatuluke. Bakha wawo ndinamudya masana, wozizira, nditaimirira pa sinki. Kenako ndinakumbuka, ndinakoka mpando.

Mkwiyo sunathe, wangosintha malo. Munthu iwe, mawu onse aja unali nawo, n'kukawatula kwa mlendo wa magalasi? Ine wochapa ovolosi yako sunandiuzepo ngakhale kuti watopa, pumula. Za msana wanga ndimayesa sunkamva. Ndikadandaula unkangokweza wailesi.

Ndi sabata yathunthu ndakhala ndikukusakira mkazi.

Mlamu waimba kufuna kumva. "Ndiye munamuona?" Ndati ndinamuona. Wafunsa kuti ndi wotani. Ndati wachikulire, wotopa, diresi la buluu. Sanamvetse. Sindinamuthandize.

Wachisamba ndinayamba kumufotokozera za supu, za mipando itatu. Anati, "Mayi, dikirani," mwana wagwetsa kapu. Foni inaduka. Ndidzamuuza akadzabwera, maso ndi maso. Za bambo ake zimenezi si za pa foni.

Lachitatu, 2 Julayi

Pa windo lero panabwera bambo wokalamba, jekete lothina, nkhope yosaseka. Mankhwala a akazi awo. Ndawauza kamwedwe, iwo angoti mm. Atatembenuka abwereranso, kuweramira pa kabowo, mawu apansi ngati akuulula mlandu: "Alipo ena osawawa? Mayi akunyumba owawa amawabisa pansi pa pilo."

Ndinawasinthira. Kenako ndinapempha mnzanga andigwirire mzere. M'chipinda chosungira mankhwala, pakati pa makatoni, m'pamene zinabwera. Zonse, za Malichi zomwe. Ndinaluma mkono wa yunifolomu kuti odwala asamve.

Nditasamba kumaso ndinapita kwa abwana. Ndawauza kuti chaka chija sindichitha, ndimalize mwezi uno basi. Anadabwa. Akuti si inu munachita kuchonderera? Akuti ndalama za penshoni zimachedwa, ndaganiza bwino? Sindinaganize bwino. Mantha alipo, a bilu, a nyumba ya zii, a masana aatali.

"Nanga mukakatani kunyumba nokhanokha, mayi?"

Ndinati, "Ndikakhala pansi."

Anaseka, kuyesa nthabwala. Ine ayi.