Chala cha Ursio

Achimwene a Senecio,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Treveri. Ife kuno ku linga tilipo. Mtsinje wa Reno wayamba kuundana, ndipo adani athu Aalamani kutsidyako angoti zii. Mlamu wanu Nonnita miyendo inasiya kutupa, koma lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi asakundilankhula. Mwandipasulira nyumba ndinu.

Kalata imene munalembera Ursio ndinaiona. Mwana ndi wanga, inu n'kumulembera mondizemba? Munamuuza kuti lamulo loti mwana wa msilikali akhalenso msilikali limagwira opusa okha. Akuti achite zimene munachita inu, adule chala chachikulu chakumanja, poti wosagwira lupanga salembedwa usilikali, kenako abwere muzidzagulitsa naye vinyo.

Mukudziwapo chiyani za usilikali inu? Munathawa musanavale n'chisoti chomwe. Amene analowa m'malo mwanu ndine. Zaka makumi awiri ndi zitatu ndakhala ndikudya balere wofumbwa pa linga lino, inu mukukula mimba kuseri kwa mitsuko.

Ursio akanalembedwa konkuno. Mkulu wa asilikali pa linga lino anali atandilonjeza kuti adzamuika pa nsanja yoyandikana ndi munda wathu, azilondera, akaweruka azilima. Nditamuuza mwanayo, anandiyankha kuti iye safuna kukalamba ngati ine, mawondo akulira, maso ali pamadzi. Akuti bambo ake aakulu ali ndi zala zisanu ndi zinayi koma amadya nyama tsiku lililonse.

Inu mumakhala mumzinda momwe malamulo amawakhoma pakhoma. Simunawerenge kuti lamulo la odula zala linasintha?

Wolemba asilikali atafika, anayang'ana dzanja la Ursio lokulungidwa nsanza, chala chachikulu palibe, n'kuseka. Anati masiku ano amantha odula zala sawasiyanso, amawadinda chizindikiro pamkono, ndipo awiri amawawerenga ngati munthu mmodzi. Kenako anafunsa ngati pamudzi pano pali chitsiru china chotere, kuti aphatikize apeze msilikali wathunthu. Anthu amene ndadya nawo mbale imodzi anaseka, achimwene, ine ndili chilili pomwepo. Manyazi ngati amenewo sindinawaonepo.

Tsono za nsanja zatha. Amutumiza ku mtsinje wa Danubi kukakoka nyulu za katundu, ulendo wa miyezi iwiri. Mwa onse amene anatengedwa kuno kupita kumeneko, sindinaone ndi mmodzi yemwe atabwerako.

Ndakutukwanani masiku onsewa, m'munda, pa nsanja, ngakhale m'tchalitchi. Koma pali chimene Nonnita akudziwa, chimene inu simukuchidziwa.

M'mawa wa tsiku limene chala chinadulidwa ndinamupeza Ursio kuseri kwa khola la nkhumba. Dzanja lamanja analiika pachitsa, nkhwangwa ili kumanzere. Anali atayesa kale kamodzi n'kungodzitema pambali. Anandiuza kuti ndikamuletsa adzachitabe ine ndili ku ntchito. Ndinaona kuti ndi dzanja lamanzere lija aphwanya chikhatho chonse.

Ndinamulanda nkhwangwayo. Mtsinje unali pomwepo, ndikanatha kuiponyamo. Sindinaiponye. Ndinamuuza kuti ayang'ane kumbali, ndipo ndinatema kamodzi kokha. Mwina nanenso ndinkafuna kuti azidya nyama ngati inu.

Nzeru inali yanu, dzanja linali langa. Ndikulusira inu chifukwa ndatopa kudzilusira ndekha.

Gulu lawo lanyamuka dzana, ndipo lidutsa pa mlatho wa ku Treveri mwezi ukaoneka. Tsekani malonda anuwo, mukaime pamenepo mpaka mumuone. Musatume wantchito. Mukamupatse chofunda chaubweya, poti chake amulanda. Musakamuuze kuti pepa, alibe nazo ntchito.

Chimene ndikukupemphani kwenikweni ndi ichi. Akulephera kumanga zingwe za nsapato, ndipo wotsalira m'mbuyo paulendo amamukwapula. Ndinagwada kuti ndimumangire, iye anachotsa phazi. Mukakhale naye pansi, mumuonetse mmene amamangira ndi zala zinayi. Pabanja pathu odziwa zimenezo ndinu nokha.

Mundiperekere moni kwa alamu a Aprilia ndi ana onse. Mulungu akusungeni, ngakhale ine sindinakukhululukireni.

Ndine mng'ono wanu,
Mascellio