Ngati tinthu timadutsa m'mwala, nanga pamimba panga?

Aphungu,

Pepani ndi zilembo zanga zokhotakhotazi, mawu enanso mwina ndaphonya. Sukulu sindinapite nayo patali.

Ndimakolopa pasukulu ina yaukachenjede, m'chipinda chofufuzira za sayansi. Muli ng'anjo yamagetsi ndi bokosi lalikulu lagalasi la magolovesi akuda, loti munthu amangopisamo manja osalitsegula. Ofufuza amasakaniza ufa woyera ndi wina wotuwa n'kuwotcha, mapeto ake amapanga timiyala takuda ngati mabatani a malaya.

Tsiku lina ndinafunsa mtsikana wophunzira pompo, amene timamutcha Asisi a Magalasi, kuti timiyalato n'tachiyani. Anati, "Mayi, m'kamwala aka muli tinthu tosaoneka ta mpweya wotchedwa haidulojeni. Tinthuti timayenda mkatimu, ndiye ife timafuna kudziwa mmene timayendera." Tsono ine ndili ndi pakati ndipo kuntchito sakudziwa. Ngati tinthuto timadutsa m'mwala, khungu langa n'chiyani?

Nditawauza bambo a kunyumba anati, "Iwe, mwana wanga asabadwe akuwala ngati tochi. Isiye ntchitoyo." Mlamu wanga anaseka mpaka kutsamwa, koma ine kuseka kunandikanika. Mimba yoyamba inapita padera, ndiye chilichonse ndimachiopa.

Abwana a chipindacho analetsa kufika ndi ndowa kumbali ya bokosi lija, koma chifukwa chake sananene. Ine fumbi la pamenepo ndi limene ndikuliopa. Ndiye akatuluka ndimawaza timadzi pansi ndisanasese, monga timachitira pabwalo. Sabata yatha kaufa kena kanachita thovu n'kulira kuti tsss. Ndinati basi, tinthu tija tatuluka, ndipo ndinathawa kusiya tsache pomwepo.

Kuwauza abwana za mimbayi ndi za thovulo ndikuopa kuti andichotsa. Kusiya ndekha, ndiye kunyumba zithina. Mpaka lero sindikudziwa ngati mwanayu ali bwino, kapena ngati ndipitirize ntchitoyi.

Ndine E.K., mayi wokolopa

Mayi E.K.,

Kalata yanu yamveka bwinobwino. Ndapita nayo kwa mphunzitsi wa sayansi, ndipo mwachidule nkhani ndi iyi: chimene mukuopacho si choopsa, choopsa ndi chimene mukuchita podziteteza.

Tinthuto sitiboola mwala ngati msomali. Miyala ya mtundu umenewo, imene amaitcha pelovusikaiti, mkati mwake muli malo oyalana mizeremizere. Pena pamakhala okosijeni, pena haidulojeni, pena popanda kanthu. Kumbukirani mabenchi a kusikelo: wakutsogolo akalowa kwa anamwino, wotsatira amasendera pamalo pake, winanso n'kusendera. Haidulojeni imayenda chomwecho, kusendera pamalo apafupi amene atsala opanda kanthu. Okosijeni ali ngati mayi uja wokhala nganganga, wosasuntha msanga, moti mnzake amangodikira kapena kuzungulira. Ndipo kuti kusenderako kufulumire, pamafunika kutentha kwa ng'anjo. Kamwala kozizira kali patebulo sikangakutumizireni kanthu pamimba. Bambo a kunyumbawo auzeni kuti tochi akagule kusitolo.

Tsono za madzi. Ufa wotuwa uja mwachionekere ndi umene amatengamo haidulojeni, ndipo umadana ndi madzi koopsa. Ukanyowa umatulutsa mpweya wosachedwa kugwira moto, ndipo zotsalira zake zimawotcha khungu ndi maso. Kulira munamvako kunali kumeneko. Abwana anu analakwa kuletsa ndowa osafotokoza, koma lamulolo ndi loona.

Choncho kuwaza madziko kuthe lero. Mukaona ufa watayikira pansi, musausese, musaukhudze, itanani eni ake. Ntchito imeneyo si yanu.

Kenako pitani kwa abwana, ndipo ngati mwendo ukulemera, tenganani ndi Asisi a Magalasi. Auzeni za thovu lija, auzeninso kuti ndinu woyembekezera. Mimba si mlandu, komanso simungaibise mpaka kalekale. Pemphani kuti akusinthireni kumaofesi kapena m'makonde mpaka mutachira. Akayamba zoopseza, kadandauleni ku ofesi yoona za apantchito. Musathamangire kusiya ntchito musanayankhule nawo.

Funsaninso mayina a ufa wonse wa m'chipindamo, mukawatchule kusikelo, chifukwa wina mwa ufa wotere ndi woipa ukalowa m'thupi. Musaiwale kuwauza anamwino za mimba yoyamba ija.

Zoti mwanayo ali bwanji, ine sindingakuuzeni m'nyuzipepala muno. Oyeza ndi anamwino, ndiye musadikire tsiku lanu la sikelo, pitani sabata ino. Ndipo mpaka mutaonana ndi abwana, m'chipindamo musalowemo ndi dontho la madzi, ngakhale chikolopa chonyowa.

Aphungu